Kamangidwe ka Nkhani Yopeka

Madzulo ano ndifuna kuceza ndi inu amene muli ndi makope odzala ndi nkhani zopeka, zimene munalemba ndi khama lalikulu, koma mukapatsa mnzanu kuti awerenge, iye angofika pa tsamba lacitatu nayamba kuyasamula. Musafulumire kunena kuti mnzanuyo ali ndi nsanje. Kawirikawiri Cinyanja canu cikhala cokoma ndithu, ndi miyambi yomwe ilimo. Cosowa ndico mitengo yogwira nyumbayo. Mwamata dothi losalala pa nyumba yopanda mzati.

Aphunzitsi athu oyamba pa nchito imeneyi ndiwo agogo amene anali kutikambira nthano pamoto. Kumbukani nthano ya citsime. Kunagwa cilala, nyama zonse zinapangana kukumba citsime, koma Kalulu anakana. Madzi atatuluka, zinaikapo mlonda kuti waulesiyo asamweko. Onani tsono kuti m'mau owerengeka awa wokamba watipatsa kale zinthu zitatu: wofuna kanthu, cimene acifuna, ndi comletsa. Sanataye nthawi kutiuza kumene Kalulu anabadwira kapena dzina la amalume ace. Ludzu lilipo, mlonda alipo, ndipo mwana aliyense pamotopo afuna kudziwa kuti nanga zitha bwanji.

Kalulu afika ndi uci m'cikho, nauza mlonda kuti cokoma cimeneci alawa okhawo omangidwa. Amanga Fisi, amwa, asamba, nacoka. M'mawa mwace nyama ziikapo wina wamphamvu koposa, kufikira Mkango mwini wace, ndipo onse agwa m'msampha umodzimodzi. Pano pali luso limene olemba ambiri saliona. Cocitikaco cibwerezedwa, inde, koma ulendo uliwonse cikula: mlonda ndi woopsa koposa woyamba uja, manyazi a nyama acuruka, ndi Kalulu yemwe ayamba kudzitama. Potsiriza Fulu, wonyozeka uja, adzipaka ulimbo pamsana nakhala phee m'madzi, ndipo ndiye agwira wakubayo. Tayesani kusintha mndandandawo, muike Fulu poyamba ndi Fisi potsiriza. Nthano yafa, ngakhale simunacotsemo kanthu. Cotero mphamvu yace ili m'malo amene cinthu ciriconse caikidwa.

Kwina amakamba kuti ndi Fulu yemweyo anatulutsa madzi poyamba paja, akuluakulu onse atalephera. Kakambidwe aka ine ndikakonda kopambana, pakuti pamene Fulu agwira Kalulu, womvera adabwa, koma pomwepo akumbuka kuti kanyama aka kanaonetsa kale nzeru zace. Anton Chekhov, mlembi wa ku Russia amene anamwalira mu 1904, anali kulangiza olemba kuti mfuti yoonetsedwa pa ciyambi ca sewero iyenera kulira sewerolo lisanathe. Langizoli ligwira nchito mbali zonse ziwiri. Ngati pa tsamba lotsiriza mnyamata wanu apulumuka cifukwa malume wolemera wafika kucokera ku Kitwe, malumeyo achulidwe pa masamba oyamba. Akangotulukira pamapeto ngati bowa, wowerenga adziwa kuti mlembi anasowa pothawira.

Tsono ndinene za matenda amene ndiwaona kwambiri m'nkhani za oyamba kumene, ndiwo matenda a “ndipo”. Mnyamata anabadwa, ndipo analowa sukulu, ndipo anapita ku Lusaka, ndipo anakwatira, ndipo anadwala. Zonsezi zitsatana monga ng'ombe popita kudambo, koma palibe imene ikoka inzace. E. M. Forster wa ku England anafotokoza mu 1927 kusiyana kwa nkhani yongondondomeka ndi nkhani yomangidwa: m'yomangidwa, cinthu cicitika cifukwa ca cinzace. Tiyese ndi mnyamata wathu yemweyo. Anaba ndalama za fodya za atate wace kuti akwere basi. Cifukwa cace sangabwerere kumudzi nchito itamsowa. Cifukwa cace anamiza mkazi wace kuti ali wamasiye. Tsono tsiku lina atate ace aja agogoda pakhomo. Mwamva kodi m'mene yasinthira? Munthu ndi yemweyo, mzinda ndi womwewo, koma tsopano simungacotse ciganizo cimodzi osagwetsa zotsalazo.

Wina adzanditsutsa nati, nanga Nthondo? Zoonadi, buku la Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, limene linapata mphotho mu 1933, ndipo T. Cullen Young analimasulira m'Cingerezi mu 1934, litsata munthu mmodzi kuyambira kubadwa kufikira kumanda. Koma Ntara anali ndi buku lathunthu, ndipo colinga cace cinali kuonetsa moyo wonse wa Mcewa, miyambo yace ndi kutembenuka kwace. Inu muli ndi masamba asanu kapena khumi. M'malo ocepa otere, yambani pafupi ndi pamene mphika uyamba kuwira, ndipo za ubwana muzilowetse pang'onopang'ono pamene zifunika.

Olembera wailesi ndiwo ayenera kusamala koposa, pakuti womvera sangatembenuze tsamba kubwerera m'mbuyo. Akulu ena akumbukabe malemu Julius Chongo ndi nthano zace za Poceza m'Madzulo, zimene zinamveka pa wailesi ya dziko lino m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Munthu mmodzi anali kulankhula mau a anthu onse a m'nkhani, koma womvera sanali kusokera, pakuti anali kudziwa wofuna kanthu ndi womletsa.

Nayi nchito yanu ya sabata ino. Tengani nkhani imene munalemba kale, mulembe cocitika ciriconse pa mzere wace wace, mizere isapitirire khumi ndi iwiri. Pakati pa mzere ndi unzace yesani kuikapo mau akuti “cifukwa cace”. Pamene akana kulowa, ikanipo cizindikiro. Mzere umenewo muucotse, kapena muupezere cifukwa. Mukatero, kambirani ana nkhaniyo pakamwa madzulo, osayang'ana pepala, ndipo muone pamene ayamba kusewera ndi moto. Sabata yamawa tidzaceza za makambitsano a anthu a m'nkhani. Tsalani bwino.