ZA KAGALIMOTO KODWALADWALA

Abale ndi alongo, ndi inu aphunzitsi, lero tinena za chinthu chimene chalowa m'mabanja ambiri kuno kwathu, ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa ndi ku Machinjiri: ndicho kagalimoto kogula kakalekale, kamene sikatha mwezi kosagona ku galaji. Ena adzati nkhani yotere siyenera pa guwa. Koma ife taona ndalama za sukulu za ana zilikuthera pamenepo, taonanso mwamuna ndi mkazi wache osalankhulana chifukwa cha injini. Tsono sitikhala chete ai.

Magalimoto amenewa, Vitz, Passo, Mira ndi anzao, anayamba atumikira eni ao ku Japan zaka zambiri. Ochuluka anatsikira pa doko la Dar es Salaam, nalowa m'dziko lino pa Songwe. Injini zao nzazing'ono: ya Mira ndi ya 660 cc, ndipo Passo zambiri zili ndi ya lita imodzi, ya masilinda atatu. Anawapangira anthu anai kapena asanu. Kuno tilongamo asanu ndi awiri, ndi thumba la chimanga pamwamba pao, ndi kukwera nao chitunda cha ku Bangwe dzuwa lili pamutu. Kodi thole mulimanga goli la ng'ombe yaikulu?

Nthenda imene ibwerabwera koposa ndiyo kutentha, ndipo mumvetse mayendedwe ache. Madzi azungulira m'injini kutenga moto wache, napita ku ladiyeta kukazizira. Paipi ikabooka pang'ono, madzi achepa, ndipo kasingano kosonyeza kutentha kakwera. Mwini galimoto aima, athiramo madzi a m'chigubu, napitirira ulendo, nati zatha. Mawa chimodzimodzi. Mnzache amuuza kuti achotse thermostat, kachipangizo koyang'anira njira ya madziwo. Achotsa, koma pobooka pali pomwepo. Tsiku lina gasiketi ya pamutu pa injini ipsa. Pamenepo madzi ndi oyilo zisanganikirana, oyilo aoneka ngati tiyi wamkaka, utsi woyera utuluka kumbuyo, ndipo kapaipi ka mtengo wochepa kabala ngongole ya katapila. Ndipo chenjerani, musatsegule chivundikiro cha ladiyeta injini ili chitenthere, pakuti madzi owira adzakudumphirani kumaso.

Za mafuta tinena mwachidule. Pamene petulo anasowa, m'zaka za 2011 ndi 2012, ndiponso 2022 ndi 2024, ambiri anagula wa m'zigubu m'mbali mwa mseu, ndipo wina anali wosanganiza ndi palafini kapena madzi. Injini yomwa zotere itsokomola, mapulagi nada.

Tidziwa chimene chikankha anthu kuzigamba. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023. Ndipo popeza masipeya achokera kunja, mtengo wao unakwera. Amisiri a ku Ndirande sitiwanyoza. Alipo pakati pao odziwa injini pongoimva kulira kwache. Koma tifika kwa iwo ndi mau akuti, Mungondichitira zoti ndikafike kunyumba. Mmisiri achita monga mwa ndalama zimene mwamuonetsa. Mwezi wamawa mupita kwa wina, amene sadziwa chimene woyambayo anagwira, ndipo ayambanso kufufuza, inu mulikulipira.

Chifukwa chache titi, khalani ndi mmisiri mmodzi, ndipo mumfunse chimene chinayambitsa nthendayo. Inu aphunzitsi mudziwa kusunga kaundula wa ana. Sungani kabuku ka galimoto momwemo, mulembemo tsiku, makilomita, ndi chimene chinakonzedwa. Oyilo asapitirire makilomita 5,000 pa miseu yathu yafumbi, ndipo sefa ya mpweya muziyang'ana m'chilimwe. M'mawa, injini isanalire, onani madzi ndi oyilo. Ambuye ananena pa Luka 14 za womanga nsanja amene ayamba wakhala pansi kuwerengera mtengo. Ngati mwezi ndi mwezi galaji ilanda za ufa, iimikeni galimotoyo, mukwere minibasi. Palibe manyazi pamenepo.

Chotsala ndi chimene chitilemera mtima koposa. Munthu akatopa nayo afuna kuigulitsa. Ena athira oyilo wokhuthala kuti kugogoda kwa injini kusamveke, natsuka podontha, nachotsa kanyale kochenjeza. Wogulayo ndani? Kawirikawiri ndi mphunzitsi amene watenga ngongole pa malipiro ache, kapena mai wamasiye wofuna kuiyendetsa takisi ndi ndalama zimene mwamuna wache anasiya. Muuzeni kuti itentha pa chitunda. Mpatseni kabuku kaja awerenge yekha, alole mmisiri wache aione, ndipo mutsitse mtengo. Pakuti Lamulungu likudzalo adzakhala nanu pa benchi limodzi, galimotoyo ili panja pa tchalitchi, madzi alikudontha pansi pache.