Fumbi la matabwa silitsukidwa ndi mkaka

(Mawu amene kalipentala wina, membala wathu, adayankhula pa msonkhano wa kalabu ku Mualadzi)

Ine ndakalambira pa benchi yopalira matabwa, ndiye mundilole ndikambeko za utuchi.

Ife tikaweruka timangosasa malaya, kumina, n'kuona zofiira za mlombwa pa kansalu, basi n'kuseka. Zopalapala zazikulu zija zilibe mlandu, zimagwa pansi. Choopsa ndi fumbi losalala lotuluka pokwecha ndi sanipepa kapena pocheka ndi makina, lija mumaliona likuyandama dzuwa likalowa pazenera. Limachedwa kutsika, ndipo timalipuma mpaka madzulo. Nanga mnzathu woima kunsi m'dzenje pocheka matabwa? Iye ndiye amasamba nalo kumaso.

Poyamba ndi kuyetsemula, maso kuyabwa, zidzolo m'mikono. Ena amayamba mphumu. Mukaona kuti chifuwa chimaleka masiku amene simugwira ntchito, n'kuyambiranso Lolemba, dziwani kuti ndi fumbilo.

Koma pali china chachikulu, ndipo chidadziwikira kutali. Ku England kuli tauni ya High Wycombe, yotchuka popanga mipando. M'zaka za m'ma 1960 madokotala kumeneko adadabwa kuona khansa ya m'mphuno, yosowa kwambiri pakati pa anthu ena, ikupezeka kawirikawiri mwa opanga mipando. Mu 1995 bungwe la IARC, nthambi ya WHO yoona za khansa, lidaika fumbi la matabwa m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa. Mitengo yolimba ndiyo ili patsogolo, ndipo mlombwa ndi mbawa zathuzi si zofewa ayi. Matendawa amatha kubisala zaka 30 kapena kuposerapo, kudzaonekera munthu atapachika kale macheka.

Tsono za mkaka. Tonse tidamva kuti ukamwa mkaka fumbi limatsukika. Inenso ndidamwa, wambiri ndithu! Koma abale, mkaka umapita m'mimba, fumbi lili m'mphuno ndi m'mapapo. Zikumana kuti?

Chothandiza n'chakuti fumbilo lisalowe. Kwechani panja, mphepo ikuchokera kumbuyo kwanu. Wazani madzi musanasese, ndipo ana asamasewere pa mulu wa utuchi. Kansalu kaja tinkavala nthawi ya korona sikagwira fumbi losalala. Funani masiki olembedwa FFP2 kapena N95. Andevu pepani, masiki sagwira bwino pa ndevu.

Mphuno imodzi ikatsekeka osatseguka, kapena ikamatuluka magazi kawirikawiri, pitani kuchipatala, ndipo mukanene kuti ndinu kalipentala. Chifuwa chikapitirira masabata awiri kayezetseni TB, musangoti ndi utuchi.

Pempho langa kwa a wapampando ndi ili: tisonkhe mametikali pang'onopang'ono, kuti wina akamapita ku Tete kapena kudutsa pa Cassacatiza kupita ku Katete, atigulire bokosi limodzi la masiki tidzagawane.