Zilumba za Faroe: Kumene Gule Adasunga Chiyankhulo

Madzulo ano tiyeni tipite kutali kumpoto, m'nyanja yamchere ya Atlantic, pakati pa Scotland, Norway ndi Iceland. Kumeneko kuli zilumba 18 zotchedwa Faroe, zomwe zili pansi pa ufumu wa Denmark.

Dzikolo ndi la mapiri obiriwira ndi msipu, othera m'maphompho ogwera m'nyanja. Nkhalango kulibe, pakuti mphepo yamkuntho siilola mitengo kukula. Nkhungu ndi mvula sizikata. Chimanga sichingabereke, kotero anthu amadalira nsomba, nkhosa ndi mbatata ya kachewere. Nyama ya nkhosa amaipachika m'kanyumba ka matabwa otalikirana, mphepo n'kumaiumitsa. Nyumba zina amazifolera ndi udzu wamoyo, womera padenga pomwepo.

Koma chimene anthuwa adatsala pang'ono kutaya ndicho chiyankhulo chawo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1500, m'tchalitchi ndi m'ntchito za boma munkamveka chiyankhulo cha ku Denmark, ndipo sukulu zitabwera zidatsata zomwezo. Kwa zaka pafupifupi 300 chiyankhulo cha eni dziko chidalibe mabuku. Nanga chidapulumuka bwanji?

M'nyengo yachisanu, pamene usana umangokhala wa maola 5, banja linkasonkhana m'chipinda cha moto. Manja ali kalikiliki kupota ndi kuluka ubweya, wina ankasimba nthano, ana ali tcheru. Pa zikondwerero anthu ankagwirana manja n'kumavina mozungulira: mapazi awiri kumanzere, limodzi kumanja. Ng'oma panalibe. Mmodzi ankatsogolera nyimbo ya mbiri yakale, onse n'kumavomera, ndipo nyimbo zina zinali ndi ndime zoposa 100. Mwana woloweza nyimbo zotere ankaloweza ndi chiyankhulo chomwe.

Mu 1846 V. U. Hammershaimb adakonza kalembedwe kake. Mu 1938 chidavomerezedwa m'sukulu, ndipo mu 1948, zilumbazo zitayamba kudziyendetsera zinthu zambiri, chidakhala chiyankhulo chachikulu cha dzikolo. Wailesi yawo idatsegulidwa mu 1957. Lero anthu oposa 50,000 amakhala kumeneko, ndipo pa 29 Julaye chaka chilichonse amavinabe gule uja mumzinda wa Tórshavn.

Tsono omvera, pamene mabuku ankafika, adapeza chiyankhulocho chili chamoyo chifukwa agogo sadaleke kuimba ndi kusimba. Kodi inu mudawasimbira liti nthano ana anu? Tsalani bwino.