Anawomba m'manja ku Nyumba ya Malamulo, koma mtengo wa mapadi unatsika?

Lero tikambirane za bajeti. Tikudziwa, ena mukangomva mawu amenewa mumasintha wailesi, mumati ndi nkhani za azibambo ovala masuti. Koma ndalama zimene amakangana ku Lilongwe kuja ndi zathu. Mayi wogulitsa kaunjika ku Limbe salipira msonkho wa pamalipiro, komabe akagula mayunitsi a foni kapena zinthu zambiri za m'golosale, VAT imamupeza.

Tiyeni tikumbuke chaka cha 2022. Mu February, nduna ya zachuma ya nthawi imeneyo, a Sosten Gwengwe, anapereka bajeti ya 2022/23. Analengeza kuti boma lachotsa misonkho imene mapadi amalipira polowa m'dziko muno. Anachotsanso VAT ya 16.5 peresenti pa mafuta ophikira ndi madzi a m'mipopi. Tinasangalala, ndipo zinali zoyenera kutero, chifukwa atsikana ndi mabungwe anali atalankhula nkhani ya mapadiyi kwa zaka.

M'Nyumbamo zinayenda monga mwa nthawi zonse. A mbali ya boma, omwe anali a mgwirizano wa Tonse, anayamikira bajetiyo. A mbali yotsutsa, motsogozedwa ndi DPP, anaipezera zifukwa. Koma VAT ya pa mafuta ophikirayo analiika ndi boma lomwelo mu 2020. Kuika msonkho, patapita zaka ziwiri n'kuuchotsa, kenako n'kuyembekezera kuti tivine! Ndipo tisanamizane, zipani zikasinthana mipando, mawu nawonso amasinthana. Amene ankatsutsa dzulo ndi amene amawomba m'manja lero.

Ndiye chinatsatira n'chiyani? Bajetiyo inayamba kugwira ntchito pa 1 April. Mu May chaka chomwecho kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Mapadi ambiri amene timagula amachokera kunja, choncho kwacha ikagwa, mtengo wake umakwera. Kangachepe kamene tinayembekezera kupulumutsa kanathera mmenemo. Ambirife pagolosale sitinaone kusiyana kulikonse. Paja akuluakulu anati fodya ndi uyu ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Lonjezo la m'bajeti ndi fodya wa pachala.

N'chimodzimodzi ndi zaumoyo. Mu 2001 ku Abuja, mayiko a mu Africa analonjeza kuti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo. Kuno sitikufikapo. M'zaka zaposachedwapa, chiwongoladzanja cha ngongole za boma chakhala chikudya ndalama zambiri kuposa zimene zimapita ku zaumoyo. Mukadzapita kusikelo n'kuuzidwa kuti mankhwala kulibe, kagule ku famase, dziwani kuti nkhaniyo inayambira m'mabuku a bajeti.

Koma bajeti yomweyo ya 2022 inakweza thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, CDF ija, kuchoka pa K40 miliyoni kufika pa K100 miliyoni pa dera lililonse. Pamenepo simunamve phokoso lambiri pakati pa mbali ziwirizi. Sitikunena kuti ndalama za chitukuko n'zoipa ayi. Tikungofunsa kuti, kwanuko zinamanga chiyani? Zimbudzi za atsikana pasukulu zilipo? Nanga malo odikirira amayi oyembekezera?

Ndiye titani? Choyamba, tisamadikire tsiku limene nduna ikuwerenga bajeti. Unduna wa zachuma umachititsa misonkhano yomva maganizo a anthu bajeti isanalembedwe. Tizipitako, titalemba zofuna zathu papepala. Chachiwiri, nduna ikamaliza kuwerenga, aphungu amagawana m'makomiti kuti aunike ndalama za unduna uliwonse. Imeneyo ndiyo nthawi yomulembera phungu wanu, kaya munamuvotera kaya ayi. Chachitatu, bajeti ikadutsa, ntchito yathu ndiye yayamba kumene. Ndalama yolembedwa papepala si imene imafika kukhonsolo kapena kuchipatala. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza zinthu zimene maofesi a boma akusunga linayamba kugwira ntchito mu 2020. Tiligwiritse ntchito, tifunse kuti munalandira zingati, ndipo zagwira ntchito yanji?

Chomaliza n'chosavuta. Aliyense wa ife alembe m'foni mtengo wa paketi ya mapadi, lita ya mafuta ophikira ndi thiransipoti ya minibasi lero. Bajeti yotsatira ikadutsa, tidzalembenso pakatha miyezi itatu, kenako isanu ndi umodzi. Tikadzakumana ndi phungu, tisadzapite ndi nsalu ya chipani. Tidzapite ndi mitengo imeneyi m'manja, tidzamufunse kuti, "Olemekezeka, munawomba m'manja, nanga izi zakhala bwanji?"