Mwaye Wotulukira pa Penti

Lero tikambe za zipupa za m'kati mwa nyumba.

Mwagulitsa fodya kapena cimanga, mwagula penti, mwapaka. Penti atangouma, banga lakuda lija latulukanso pomwe linali. Mupaka kaciwiri, litulukanso. Ena amati wa sitolo anawagulitsa penti wosukuluka, koma kawirikawiri penti alibe mlandu.

Ku Mzimba kumazizira m'miyezi ya June ndi July, ndipo ambiri amasonkha moto m'nyumba. Utsi wa nkhuni ndi wa koloboyi umasiya mwaye, ndipo mwayewo uli ndi mafuta amene amalowa m'pulasitala. Laimu ndi penti wa madzi zimaunyowetsa, tsono madzi aja pouma amaukokera pamwamba. Ngakhale mupake kasanu, mwangotaya ndalama.

Citani cotere. Yambani mwasesa mwaye ndi burashi youma. Mukafulumira kuthira madzi muufalitsa cipupa conse. Palani laimu yense wakale pamalopo, pakuti penti sagwira pa laimu. Tsukani ndi sopo ndi madzi ofunda, tsukuluzani, ndi kuleka cipupa ciume ndithu. Pamenepo pakani penti wa mafuta, amene amisiri amati andakoti, pa banga ndi m'mbali mwace, mazenera ali otsegula. Ameneyu ndiye amatsekera mwaye m'kati. M'mawa mwace yang'anani, ndipo ngati banga likuonekabe bwerezani. Penti wa mtundu umene mufuna abwere pambuyo. Amene cipupa cace ndi ca dothi asagule kanthu ai: apale dothi lakudalo ndi kumata latsopano.

Koma si banga liri lonse limene liri la utsi. Lofiirira, lotsika kucokera ku denga, ndi madzi a dzimbiri: pali msomali wodontha pa malata. Lokwera kucokera pansi, lokhala ndi ufa woyera ngati mcere, ndi cinyezi ca m'nthaka. Apa penti wa mafuta aononga zinthu, cifukwa amatsekera madzi m'njerwa, kenaka amatupa ndi kumatuka. Konzani denga, kumbani ngalande kuti madzi a mvula asaime pa maziko, ndipo dikirani September kapena October, njerwa zitauma. Cipupa cotere cipakeni laimu, amene amalola cinyezi kutuluka.

Inu anyakwawa, mukamanga sukulu kapena nyumba ya aphunzitsi pamodzi ndi anthu anu, musalole kuti apake penti pa pulasitala wa simenti wa dzulodzulo, ati alendo aone zokongola. Adikire milungu 4. Ndiponso nyumba yophikiramo ikhale yapadera.