Nyimbo Zimene Zandiperekeza pa Ulendo Wanga

A Mlembi atandipempha kuti ndiyankhule za nyimbo ndinaseka ndekha, popeza ena mwa inu mukukumbukira kuti ndinachotsedwa m'kwaya chifukwa cha mawu anga onga a chule. Komabe khutu ndili nalo, choncho ndikutchulirani nyimbo zingapo zoti mukamvere mukafika kunyumba.

Ndiyambe ndi kuulula cholakwa changa. M'chaka cha 1984, nditangotembenuka mtima, ndinasonkhanitsa makaseti anga onse ndi kuwatentha kuseri kwa nyumba, poganiza kuti nyimbo iliyonse yosatchula dzina la Yesu ndi ya mdyerekezi. Tsoka ilo, pamuluwo panali kaseti imene ndinabwereka kwa mnzanga amene tinkagona mabedi oyandikana kuhositelo. Atabwera kudzaitenga, ine ndinamulalikira m'malo momupepesa. Anachoka osatsazika, ndipo anamwalira tisanayanjane.

Kasetiyo inali ya Simon ndi Garfunkel, chimbale chawo cha m'chaka cha 1970, Bridge over Troubled Water. Muli nyimbo ija ya Cecilia imene inaletsedwa kuno m'nthawi ya Dr. Kamuzu Banda, ndipo chifukwa chake akuluakulu muli muno mukuchidziwa. Patapita zaka ndinamva kuti Paul Simon anatenga ganizo la nyimbo imene inapatsa chimbalecho dzina kuchokera ku gulu loyimba zauzimu la Swan Silvertones. Ndiye kuti ndinatentha nyimbo imene muzu wake unali m'tchalitchi. Akuluakulu sananame kuti safunsa anadya phula. Imeneyi ndiyo yoyamba pa mndandanda wanga.

Yachiwiri ndi Turn! Turn! Turn! imene gulu la The Byrds linatchuka nayo mu 1965. Anaipeka ndi Pete Seeger, ndipo pafupifupi mawu ake onse anawatenga m'buku la Mlaliki mutu 3. Chimodzimodzinso Rivers of Babylon ya Boney M, ya mu 1978, imene tinkavina mpaka fumbi kobo pa madansi a Loweruka, osazindikira kuti tikuvina Salmo 137, kulira kwa anthu ali ku ukapolo.

Yachinayi ndi Let It Be ya The Beatles, ya mu 1970. Ambiri tinkayesa kuti Mary wotchulidwamo ndi Maria amake a Yesu. Paul McCartney anafotokoza kuti ndi mayi ake omubereka, amene anamwalira mu 1956 iye ali ndi zaka 14, ndipo anawalota akumutonthoza. Amene munaika mayi anu m'manda muli aang'ono, kamvereni nyimboyi modekha.

Tsopano ndibwere kwa oyimba achikhristu a masiku ano. Don Moen anapeka God Will Make a Way mwana wa mlamu wake atafa pa ngozi ya galimoto mu 1987. Sanaipekere chikhamu cha anthu ayi, koma banja limodzi lolira. Nayonso I Can Only Imagine ya gulu la MercyMe inabadwa pa maliro: Bart Millard anailemba pokumbukira bambo ake amene anamwalira mu 1991. N'chifukwa chake nyimbo ziwirizi sizinamiza munthu kuti mavuto kulibe.

Kwa inu amene mumakonda kuyamba tsiku ndi chiyamiko, funani 10,000 Reasons ya Matt Redman wa ku England, yotsamira pa Salmo 103, imene inalandira mphoto ziwiri za Grammy mu 2013. Ndipo musaiwale Way Maker ya Sinach wa ku Nigeria, ya mu 2015. Nyimboyi inawoloka nyanja mpaka Michael W. Smith ndi ena a ku America anaiyimbanso. Ife tinakula tikulandira nyimbo kuchokera kunja. Zimandisangalatsa kuona kuti tsopano Africa nayenso akupatsa.

Mwina wina afunsa kuti, kodi ndiye kuti nyimbo iliyonse ndi yabwino? Iyayi. Zilipo za dziko zotukwana zimene sindingalole m'nyumba mwanga, ndipo ziliponso zotchula Mulungu mzere uliwonse koma cholinga chake ndi ndalama basi. Kukangana kumeneku sikunayambe lero. Amy Grant atatulutsa Heart in Motion mu 1991, Akhristu ena anamunena kuti wabwerera m'mbuyo, chonsecho nyimbo ya Baby Baby anailemba akuganiza za mwana wake wakhanda. Ine muyeso wanga ndi mafunso atatu. Kodi nyimboyi ikunena zoona? Kodi ndingaimvere mdzukulu wanga ali pamwendo? Nanga ikatha, mtima wanga kwa anzanga wafewa kapena wauma? Chikhala kuti ndinadzifunsa funso lachitatuli mu 1984, bwenzi mnzanga uja nditamupepesa.

Pomaliza ndili ndi zopempha ziwiri. Choyamba, khalani pansi ndi ana anu, muwayimbire nyimbo imodzi ya nthawi yanu ndi kuwauza nkhani yake, kenaka nanunso mumvere imodzi ya iwo osakwinya nkhope. Chachiwiri, ngati m'chipinda muno muli munthu amene munasemphana naye mawu zaka zambiri zapitazo, musadikire msonkhano wa chaka chamawa. Tikamawerenga maina a otisiya chaka ndi chaka, mndandanda uja sufupika. Ine kaseti ija ndinaigulanso, koma woti ndimubwezere palibe.