Kompyuta ya Pasukulu Ikhale Yotheka Kuitsegula: Mawu a Mlendo Wolemekezeka Potsegulira Chipinda cha Makompyuta

Kompyuta iliyonse yomwe ili m'chipinda chikutsegulidwa lerochi imayendera malamulo amene munthu wina anachita kukhala pansi n'kulemba. Malamulowo ndiwo pulogalamu, ndipo malemba ake enieni, omwe munthu wodziwa ntchitoyi atha kuwerenga, amatchedwa source code. Makampani ambiri amagulitsa pulogalamu koma malembawo n'kubisa. Wogula amangopatsidwa laisensi yogwiritsira ntchito. Akakopera mnzake wapalamula, ndipo akafuna kukonza penapake alibe polowera. Pali mapulogalamu ena amene amabwera ndi malemba awo onse poyera. Amenewa ndi mapulogalamu aufulu, ndipo sukulu iyenera kuwadziwa isanasankhe choika m'makina ake.

Nkhaniyi inayambira pa pulinta. Cha m'ma 1980, pa sukulu yaukachenjede ya MIT ku America, katswiri wina dzina lake Richard Stallman ankagwira ntchito mu labotale momwe munali pulinta ya Xerox yokonda kutsamwitsa mapepala. Pa pulinta yakale, iye anali atasintha pulogalamu kuti pepala likatsamwa, onse odikira ntchito yawo azilandira uthenga. Atafuna kuchita chimodzimodzi pa yatsopanoyo, anamukaniza malemba ake. Anthu anapitiriza kuyenda ulendo wachabe kukaona mapepala osatuluka, chonsecho wodziwa kukonza ali pomwepo. M'chaka cha 1983 Stallman analengeza ntchito ya GNU, yolemba mapulogalamu onse oyendetsa kompyuta popanda kubisa kanthu. Mu 1985 anakhazikitsa bungwe la Free Software Foundation, ndipo mu 1989 munatuluka laisensi yotchedwa GPL.

Laisensi imeneyi imapatsa munthu ufulu wogwiritsa ntchito pulogalamu pa chilichonse, woiwerenga ndi kuisintha, wogawira anzake, komanso wogawa zimene iye wakonzamo. Chimene imaletsa n'chimodzi: amene walandira mwaufulu asadzatsekere ena. Akasintha n'kugawa, apereke ufulu womwewo. Kugulitsa n'kololedwa, ndipo alipo ambiri amene amadyera ntchito yoika ndi kusamalira mapulogalamu otere.

Mu 1991 Linus Torvalds, wophunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, analemba Linux, gawo lapakati lomwe ntchito ya GNU inkasowa. Lero foni iliyonse ya Android yomwe ili m'thumba la munthu pabwalo pano ili ndi Linux mkati, ndipo kuyambira 2017 makompyuta onse 500 amphamvu kwambiri padziko lapansi amayendera Linux. Ngakhale kuno zinthuzi si zachilendo. Malipoti a zipatala m'maboma amasonkhanitsidwa pa DHIS2, pulogalamu yaufulu yochokera ku yunivesite ya Oslo ku Norway. Bungwe la onebillion, lomwe linapanga maphunziro a kuwerenga ndi masamu m'Chichewa a pa matabuleti, linali limodzi la opambana mpikisano wa Global Learning XPRIZE mu 2019, ndipo lamulo la mpikisanowo linali loti malemba a pulogalamu aikidwe poyera.

Pasukulu ndi pomwe kusiyanaku kumaonekera bwino. Mwana amene waphunzira kuti batani lakuti lili pakona yakuti waphunzira katundu wa kampani imodzi, ndipo kampaniyo ikasuntha batanilo, maphunziro ake asuntha nawo. Mwana amene wamvetsa mmene tebulo la masamu limawerengera atha kukhala pa Excel kapena pa pulogalamu yaufulu ya LibreOffice osachita mantha. Ndiye pali mwana wachitatu uja, wosakhazikika, yemwe kunyumba anamasula kale wailesi ya bambo ake kuti aone chikulankhula mkatimo. Pulogalamu yobisa imamuuza kuti apa ndi poletsedwa. Yaufulu imamulola kutsegula, kuononga, kukonza, ndi kutengera kunyumba pa fulashi popanda kutchedwa wakuba. Akatswiri amachokera mwa ana otere, ngakhale kuti aphunzitsi awo sagona nawo tulo.

Palinso nkhani ya msinkhu wa makina. Makompyuta ambiri a m'sukulu ndi opatsidwa, ogwiritsidwapo kale ntchito kwina. Kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 salowa m'makina ambiri akale. Kompyuta yoti kiyibodi ndi sikirini yake zili bwinobwino imasanduka chinyalala chifukwa cha chigamulo cha anthu akutali. Makina omwewo akaikidwa Linux yopepuka amagwirabe ntchito zaka zina. Boma la Kerala ku India linayamba ntchito ya IT@School mu 2001, kenaka n'kusamutsira sukulu zake pa mapulogalamu aufulu, ndipo mphamvu zambiri linaziika pophunzitsa aphunzitsi.

Intaneti nayo ili ndi mbiri yofanana. Tim Berners-Lee anakonza njira ya masamba a intaneti ali ku bungwe la CERN, ku Switzerland, ndipo pa 30 Epulo 1993 bungwelo linaipereka kwa anthu onse popanda malipiro. Chikwangwani chotsatsa malonda chomwe chimatchulidwa ngati choyamba chinaoneka mu Okutobala 1994 pa tsamba la HotWired. Mu 1998 Sergey Brin ndi Larry Page, omwe anayambitsa Google, analemba okha kuti makina ofufuzira odalira ndalama za otsatsa malonda adzakondera otsatsawo. Patangotha zaka ziwiri, Google inayamba kugulitsa malo otsatsira. Lero ndalama zambiri za kampaniyo zimachokera kumeneko, ndipo za Meta, mwini Facebook ndi WhatsApp, pafupifupi zonse n'za malonda otsatsa.

Zimene zimachitika munthu akatsegula tsamba n'zofunika kuziona pafupi. Wophunzira wagula bandulo yaing'ono kuti awerenge za kayendedwe ka magazi m'thupi. Tsamba lisanamalize kutseguka, uthenga wonena mtundu wa foni yake, dera lomwe ali ndi zimene anaonapo kale wapita kwa makampani ambirimbiri. Iwo amapikisana mtengo, ndipo sekondi isanathe wopambana waika chithunzi chake. Nthawi zina chimakhala cha kubetcha pa mpira kapena cha ngongole yachangu. Kanema wosaitanidwa wayamba kudziseweretsa, bandulo ikutha, nkhani ya magazi ija ili pansi penipeni. Mwanayo walipira katatu: ndi ndalama, ndi nthawi, ndi mbiri yake. Choipa kwambiri n'chakuti tsamba lodalira otsatsa limapindula munthu akachedwapo, osati akamvetsa. N'chifukwa chake mitu yokokomeza ndi nkhani zokwiyitsa zimayenda msanga kuposa zoona.

Njira ina ilipo ndipo inayesedwa. Wikipedia, yomwe Jimmy Wales ndi Larry Sanger anayambitsa pa 15 Januwale 2001, ilibe zotsatsa malonda. Imayendera zopereka za owerenga ndi ntchito ya anthu odzipereka. Pulogalamu ya Kiwix imalola sukulu kusunga Wikipedia yonse pa kompyuta imodzi, ana n'kumawerenga popanda netiweki kapena bandulo. Pa Firefox, pulogalamu yotsegulira masamba a intaneti, munthu atha kuika uBlock Origin, yomwe imatchinga zotsatsa ndi zolondola anthu. Komabe mtolankhani amadya, ndipo seva imalipiridwa. Amene watchinga zotsatsa pa tsamba la nyuzipepala yomwe amaikhulupirira ayenera kuigula kapena kuithandiza mwanjira ina. Chodandaulitsa si kulengeza malonda pakokha, poti wailesi ndi nyuzipepala zakhala zikutero kuyambira kale osadziwa dzina la womvera. Chodandaulitsa ndi kulondola mwana mwakabisira.

Mapulogalamu aufulu nawo si mankhwala a matenda onse. Mzinda wa Munich ku Germany unasankha Linux mu 2003, koma mu 2017 khonsolo yake inavota zobwerera ku Windows. Mu 2014 munapezeka chiboo chachikulu chotchedwa Heartbleed mu OpenSSL, pulogalamu yoteteza masamba osawerengeka, ndipo dziko linadabwa kumva kuti ankaisamalira ndi anthu ochepa kwambiri, opanda ndalama zokwanira. Izi n'zodziwika kwa aliyense amene anakhalapo mu komiti ya mjigo. Mjigo wa Afridev, womwe chiyambi chake chinali kuno ku Malawi, unapangidwa mwadala kuti kapangidwe kake kakhale kosabisa ndipo anthu a m'mudzi azitha kuumasula okha ndi sipanala. Koma pomwe komiti sisonkha ndalama ya maraba ndi mabushi, mjigo womwewo umafa, amayi n'kubwerera kudambo.

Choncho pempho likupita kwa komiti ya sukulu ndi makolo kuti m'bajeti mukhale ndalama yophunzitsira mphunzitsi mmodzi kapena awiri kusamalira makinawa, chifukwa ndalama yopulumuka pa laisensi iyenera kupita kumeneko. Kwa aphunzitsi, chipindachi chisamakhale chokhoma kudikira alendo, ndipo kompyuta imodzi ipatulidwe yoti ana aziimasula ndi kuikamo mapulogalamu okha. Kwa ophunzira, Wikipedia ya Chichewa ilipo koma nkhani zake n'zochepa kwambiri. Mbiri ya mudzi uno, mitsinje yake ndi mbewu zake zikudikira wozilemba, ndipo aliyense ndi wololedwa kulemba.

Ndi mawu amenewa, chipinda cha makompyuta chatsegulidwa.